Kabuku ka Sheleni Imodzi: Za Mtengo wa Mabuku Akale a Ana

Alimi a fodya amadziwa bwino za okushoni. Amadziwa kuti mabelo awiri ochokera m'munda umodzi angathe kugulidwa pa mitengo yosiyana kutalitali, pakuti wogula amayang'ana mtundu wa tsamba, kaumidwe kake ndi kasungidwe kake. Ku London ndi ku New York kulinso misika ya okushoni, koma katundu amene amaikidwa pamaso pa ogula kumeneko nthawi zina amakhala kabuku ka ana, kochepa ngati chikhatho cha munthu, kamene pa tsiku lotuluka kadagulidwa ndi sheleni imodzi. Kabuku komweko kangathe tsopano kugulidwa ndi ndalama zokwanira kumangira nyumba. Nkhani ino ikufotokoza m'mene akatswiri amaikira mtengo pa mabuku otere, ndiponso m'mene mabukuwo amagulitsidwira.

Pa malonda amenewa anthu amapwetekeka m'njira ziwiri. Pali munthu amene amalandira bokosi la mabuku a malemu makolo ake, nalipereka lonse kwa wogula woyamba pa mtengo wa nkhuku, osadziwa kuti m'katimo mudali buku limodzi loposa katundu yense wa m'nyumbamo. Palinso wina amene amamva mphekesera yakuti mabuku akale ndi chuma, nayamba kuwerengera ndalama pa buku limene anzake alipo zikwizikwi, mpaka kutaya zake zomwe polipira oyesa mtengo ndi otumiza katundu. Onse awiriwa sadadziwe chimene chimaika mtengo pa buku. Ukale wokha suika mtengo. Katswiri akalandira buku m'manja amadzifunsa mafunso asanu, ndipo zaka za bukulo zimangomuthandiza kuyankha mafunsowo.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi anzake a bukuli atsala angati? Apa m'pamene mabuku a ana amasiyana ndi a akuluakulu. Buku la malamulo kapena la maulaliki limakhala pa shelefu zaka zambirimbiri osatsegulidwa kawirikawiri. Buku la mwana limagona naye, limadya naye phala, limalembedwalembedwa ndi pensulo, kenaka limapita kwa mng'ono wake amene amang'amba masamba otsala. Buku likakondedwa kwambiri limathanso msanga. Mu 1744 a John Newbery, wogulitsa mabuku wa ku London, adatulutsa kabuku kotchedwa A Little Pretty Pocket-Book, kamene ambiri amati ndiko chiyambi cha mabuku olembedwa kuti ana asangalale nawo. Kabukuko kadayenda malonda ndipo kadasindikizidwa mobwerezabwereza, koma mwa timabuku ta 1744 palibe n'kamodzi komwe kodziwika kuti kadapulumuka. Ku America kudali buku lophunzitsira ana kuwerenga lotchedwa The New England Primer, limene lidayamba kutuluka cha m'ma 1690. Mabuku ake adasindikizidwa miyandamiyanda, komabe lakale koposa limene lilipo ndi la 1727.

Motero buku la ana loyera bwino, lopanda chala cha mafuta, kawirikawiri ndi lija mwana sadaloledwe kuligwira, kapena lija sadalikonde. Anthu osonkhanitsa mabuku amalipira ndalama zambiri chifukwa cha buku limene silidagwire ntchito imene lidapangidwira.

Funso lachiwiri ndilo lovuta koposa: kodi bukuli ndi la m'gulu loyamba? Wosindikiza akalandira buku latsopano sadziwa ngati lidzayenda malonda, tsono amayamba ndi mabuku owerengeka. Amenewo akatha amasindikiza ena, ndipo akathanso amabwerezanso. Mawu ndi zithunzi zingathe kufanana m'magulu onsewa, koma osonkhanitsa amafuna gulu lija lidayamba kutuluka m'makina, limene pa Chingerezi amati first edition. Amalifuna chifukwa ndilo lidafika m'manja mwa mlembi ndi mwa owerenga oyamba, dziko lisadadziwe kuti bukulo lidzatchuka.

Mbiri ya kabuku ka kalulu wotchedwa Peter ikuonetsa bwino m'mene zimakhalira. Mu Sepitembala 1893 Mayi Beatrix Potter a ku London, ali ku tchuthi ku Scotland, adalembera kalata mnyamata wa zaka zisanu dzina lake Noel Moore, mwana wa mphunzitsi wawo wakale, amene adali kudwala. M'kalatamo adasimbamo nthano ya kalulu wosamva amene adalowa m'dimba la mwini wake, ndipo adajambulamo zithunzi. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri adabwereka kalata ija, naikuza kuti ikhale buku. Makampani angapo osindikiza mabuku adalikana. Mayiwo adali ndi mfundo yawo imene sadafune kuisiya: kabukuko kakhale kakang'ono koti mwana agwire yekha, ndiponso kotsika mtengo. Pomalizira pake adatenga ndalama za m'thumba mwawo nasindikiza timabuku 250 mu Disembala 1901, ta zithunzi zakuda ndi zoyera, kupatula chithunzi chimodzi cha kumayambiriro. Tina adapatsa abale ndi abwenzi, tina adagulitsa. Timabukuto titatha adasindikizanso 200 mu Febuluwale 1902.

Apo kampani ya Frederick Warne, imene idali pakati pa okana aja, idasintha maganizo, bola zithunzi zonse zikhale za mitundumitundu. Mu Okutobala 1902 kampaniyo idatulutsa The Tale of Peter Rabbit, timabuku 8,000, tambiri mwa ito pa mtengo wa sheleni imodzi, ndipo chaka chisadathe idali itasindikiza 28,000. Ndalama za mabuku awo zidathandiza Mayi Potter kugula munda wa Hill Top kumpoto kwa England mu 1905.

Tsono munthu akanena kuti ali ndi Peter Rabbit woyamba, katswiri amafunsa kuti, woyamba uti? Ka m'gulu la 250 kaja kali ndi msana wophwatalala. Ka m'gulu la 200 kali ndi msana wokhota ndipo kadalembedwa mwezi ndi chaka. Pa timabuku ta Warne, liwu limodzi la pa tsamba 51 lidasinthidwa atafika pa gulu lachinayi, ndipo mu 1903 zithunzi zinayi zidachotsedwamo. Kuyambira cha m'ma 1919 dzina la kampaniyo lidayamba kulembedwa ndi zilembo Ltd kumapeto kwake, kotero kuti kabuku kalikonse kokhala ndi zilembo zitatuzi si koyamba, kaya kaoneke kokalamba bwanji. Tizizindikiro totere nditimene timalekanitsa kabuku ka mapaundi ochepa ndi kabuku ka chuma. Mu 2016 kamodzi ka m'gulu la 250 kadagulidwa pa okushoni ku London ndi mapaundi oposa 40,000.

Cholakwa chimene anthu ambiri amachita ndicho kukhulupirira chaka cholembedwa kuseri kwa tsamba la mutu wa buku. Kawirikawiri chaka chimenecho chimangosonyeza pamene bukulo lidatuluka koyamba, ndipo osindikiza amachisiya pomwepo m'magulu onse otsatira, ngakhale patapita zaka 50. Osindikiza ambiri a masiku ano amathandiza poika mzere wa manambala pa tsamba lomwelo. Nambala yochepa koposa pa mzerewo ndiyo imatchula gulu: ngati 1 alipo, bukulo ndi la m'gulu loyamba, ngati mzere wathera pa 7, ndi la m'gulu lachisanu ndi chiwiri.

Chitsanzo chodziwika cha zimenezi ndi Harry Potter and the Philosopher's Stone, buku la Mayi J. K. Rowling, limene kampani ya Bloomsbury idatulutsa mu Juni 1997. A chikuto cholimba adali 500 okha, ndipo pafupifupi 300 mwa amenewo adapita ku malaibulale, kumene ana adawawerenga mpaka kuwathetsa. La m'gulu loyamba lili ndi mzere wa manambala wotsika kuchokera pa 10 kufika pa 1. Pa tsamba 53, pa mndandanda wa zinthu zofunika kusukulu, chinthu chimodzi chidalembedwa kawiri, ndipo pa chikuto cha kumbuyo liwu limodzi la mutu wa bukulo lidasowa chilembo. Mu Disembala 2021 buku limodzi lotere, losungidwa bwino kwambiri, lidagulidwa ku Dallas, m'dziko la America, ndi madola 471,000. Buku limenelo lidali lisadakwanitse zaka 25, pamene mabuku ena a zaka 150 sapeza wowagula.

Nthawi zina gulu loyamba limasowa chifukwa eni ake adalikana. A Charles Dodgson, mphunzitsi wa masamu ku Oxford amene ankalemba ndi dzina lakuti Lewis Carroll, adalipira okha kuti Alice's Adventures in Wonderland lisindikizidwe mu 1865, mabuku 2,000. Wojambula zithunzi zake, a John Tenniel, ataona adadandaula kuti zithunzizo sizidatuluke bwino. A Dodgson adaitanitsa mabuku amene adali atapatsa kale abwenzi, ena nawapereka ku zipatala za ana, ndipo adalamula kuti bukulo lisindikizidwenso. Mapepala otsala adagulitsidwa ku kampani ya Appleton ya ku New York, imene idaikapo tsamba lake la mutu la chaka cha 1866. Mabuku okhala ndi chaka cha 1865 amene akudziwika kuti alipo angopitirira 20 pang'ono, ndipo ambiri mwa iwo ali m'malaibulale akuluakulu kumene sadzagulitsidwanso.

Funso lachitatu ndi la maonekedwe. Monga fodya ali ndi magiredi, mabuku nawonso ali nawo. Ogulitsa amagwiritsa ntchito mawu a Chingerezi akuti fine, very good, good ndi poor. Liwu lakuti good lingamveke ngati chiyamikiro, koma pa malondawa limatanthauza buku lotopa, limene laona manja ambiri. Katswiri amawerenga masamba onse ndi zithunzi zonse kuti aone ngati palibe chosowa. Amayang'ana msana ngati udathyoka, m'makona ngati mudaperepeseka, ndi m'masamba ngati muli timadontho tofiirira tobwera ndi chinyontho. Buku losowa tsamba limodzi lingathe kutaya mbali yaikulu ya mtengo wake, pakuti wosonkhanitsa amalola kudikira zaka kuti apeze lathunthu.

Chinthu chimene chimadabwitsa alendo pa malondawa ndi jekete, ndiko kuti pepala lija limakutira chikuto cha buku. Poyamba pepalali lidali longotetezera buku ku fumbi m'sitolo, ndipo makolo ambiri ankalitaya atangofika kunyumba. Lotsala ana ankaling'amba. Pa chifukwa chimenechi, pa mabuku ambiri a m'zaka za m'ma 1900, jekete limaposa buku lenilenilo pa mtengo. Jekete limathandizanso kuzindikira gulu. The Hobbit, buku la a J. R. R. Tolkien, lidatuluka mu Sepitembala 1937, mabuku 1,500, amene adatha chaka chisadathe. Pa jekete la gulu loyambalo dzina la a Dodgson aja lidalembedwa molakwika, ndipo antchito a kampani ya George Allen and Unwin adalikonza ndi inki pamanja. Where the Wild Things Are, la a Maurice Sendak, lidatuluka mu 1963 ndipo lidalandira mphoto ya Caldecott mu 1964. Choncho jekete lotchula za mphotoyo silingakhale la mabuku oyamba. Ngakhale kakona kamene padalembedwa mtengo wa m'sitolo, kamene anthu amadula popereka mphatso, kamachepetsa mtengo kakasowa.

Funso lachinayi ndi lakuti, kodi bukuli lidadutsa m'manja mwa yani? Dzina la mwana wosadziwika lolembedwa mokhotakhota pa tsamba loyamba limatsitsa mtengo, ndipo chidindo cha laibulale chimateronso. Koma dzina lolembedwa ndi mlembi mwini wake limaukweza, makamaka ngati adalembera munthu amene adali naye pafupi. Mu 2015 The Hobbit limene a Tolkien adapatsa wophunzira wawo wakale, atalembamo mawu ndi dzanja lawo, lidagulidwa ku Sotheby's ku London ndi mapaundi 137,000. Mu 1998 Alice la 1865 limene lidali la a Dodgson eni ake lidagulidwa ku New York ndi madola oposa 1,500,000.

Pa zonse za mtundu umenewu, mbiri ya Mayi Alice Hargreaves ndiyo imakumbukika koposa. Iwowa ndiwo adali kamtsikana kaja a Dodgson adakasimbira nthanoyo m'bwato mu 1862, ndipo mu 1864 adalandira mphatso ya nthanoyo yolembedwa ndi kujambulidwa pamanja. Adaisunga zaka zoposa 60. Ana awo aamuna awiri adafera ku Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, amuna awo adamwalira mu 1926, ndipo ndalama zosamalira nyumba zidayamba kuperewera. Mu 1928 adapita nalo bukulo ku Sotheby's, kumene a Rosenbach, wogulitsa mabuku wa ku Philadelphia, adaligula ndi mapaundi 15,400. Mu 1948 anthu ena a ku America adalibweza ku England ngati mphatso yothokoza dzikolo chifukwa cha kulimbika kwake pa Nkhondo Yachiwiri, ndipo tsopano likusungidwa ku British Library. Mayiwo adapeza mtengo woyenera chifukwa adadziwa chimene adali nacho, ndiponso adachiika pamene ogula ambiri adatha kupikisana.

Funso lachisanu ndilo limamanga onse anayi aja: kodi alipo amene akulifuna? Buku lingathe kukhala lokhalo padziko lonse, la m'gulu loyamba, loyera ngati latsopano, koma ngati mlembi wake adaiwalika ndipo palibe amene adakulira nalo, silipeza wogula. Anthu ambiri osonkhanitsa mabuku a ana amafunafuna mabuku amene adawakonda ali aang'ono, ndipo amayamba kutero atakula ndi kupeza ndalama. Ndiye chifukwa chake mitengo imayenda ndi mibadwo: mabuku ena amakwera, ena amatsika owakumbukira akatha. Mbali inanso, buku lingakhale lokondedwa ndi onse koma lochuluka kwambiri. Omvera ambiri akukumbukira timabuku ta Ladybird, makamaka tija ta Peter ndi Jane timene tidayamba kutuluka mu 1964. Timabuku timeneti tidasindikizidwa miyandamiyanda ndi kufika m'maiko ambiri, kotero kuti ambiri mwa ito mtengo wake ndi wochepa. Ndipo ngakhale pa mabuku otchuka koposa msika umakana nthawi zina. Mu 2016 Alice lina la 1865 lidaikidwa pa okushoni ku Christie's ku New York, poyembekezera madola 2,000,000 kapena kuposa, koma ogula sadafikepo ndipo tsiku limenelo bukulo silidagulidwe.

Munthu amene wayankha mafunso asanuwa, napeza kuti buku lake ndi lamtengo, ali ndi njira zitatu zoligulitsira. Yoyamba ndiyo kupita kwa wogulitsa mabuku akale. Iyeyu amalipira pomwepo, koma amapereka zochepa poyerekeza ndi zimene adzalandira, pakuti bukulo lingathe kukhala m'sitolo mwake zaka lisadapeze mwini. Palibe kuba pamenepo, bola wogulitsayo akhale woona mtima. Ku Britain ogulitsa otere ali ndi bungwe lawo, la Antiquarian Booksellers' Association, limene lidakhazikitsidwa mu 1906 ndipo lili ndi malamulo a kachitidwe ka malonda. Nzeru yake ndi kufunsa ogulitsa awiri kapena atatu, ndiponso kusalola kuti woyesa mtengo akhale yekhayo wofuna kugula. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Njira yachiwiri ndiyo okushoni. Nyumba ya Sotheby's idayamba mu 1744 ndi malonda a mabuku, chaka chomwecho a Newbery adatulutsa kabuku kawo kaja. Akatswiri a nyumba zotere amaliona bukulo, nalilemba m'ndandanda wa katundu pamodzi ndi mtengo umene akuyembekezera. Mwini buku amagwirizana nawo za mtengo wotsikitsitsa umene sangalole kuti bukulo lipite pansi pake. Likagulidwa, nyumbayo imadula komishoni pa ndalama za mwini buku, nthawi zina pamodzi ndi za inshuwalansi ndi za kujambula, ndipo wogula nayenso amalipira zoonjezera pamwamba pa mtengo umene nyundo idagwera. Mitengo imene imamveka m'nyuzipepala kawirikawiri imaphatikiza zoonjezera za wogulazo, choncho zimene zimafika m'thumba mwa mwini buku zimachepa ndithu. Pamafunikanso kudekha, chifukwa kuyambira tsiku lopereka buku mpaka tsiku lolandira ndalama pamapita miyezi.

Njira yachitatu ndiyo kugulitsa wekha pa intaneti. Njira imeneyi ndi yoyenera mabuku a mtengo wapakatikati, koma ili ndi msampha wake. Munthu amaona buku lofanana ndi lake litalembedwa mtengo waukulu, nayesa kuti ndiwo mtengo wake. Mtengo wopempha ndi wosiyana ndi mtengo wogulira, monga amadziwira aliyense amene adagulitsapo mbuzi pamsika. Buku lina limakhala pa mtengo wopemphawo zaka zambiri osasuntha. Chofunika kufufuza ndi ndalama zimene anthu adaperekadi pogula buku la gulu lomwelo ndi la maonekedwe omwewo. Wogulitsa ayeneranso kutchula chilema chilichonse ndi kuchionetsa pa chithunzi, pakuti wogula akachipeza yekha amabweza katundu.

Pamene pali ndalama pamakhalanso achinyengo. Pali majekete osindikizidwa posachedwa amene amavekedwa pa mabuku akale, pali masamba otengedwa ku buku lina ndi kumatidwa mwaluso, ndiponso pali maina a alembi olembedwa ndi dzanja la wakuba. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale akatswiri adapusitsidwapo. A Thomas Wise adali wosonkhanitsa mabuku wolemekezeka mu England monse, kufikira mu 1934 pamene a John Carter ndi a Graham Pollard adaonetsa kuti timabuku tambiri timene iwo ankagulitsa ngati toyamba ta alembi otchuka tidali topeka. Umboni wake udachokera ku pepala ndi ku zilembo za makina, zimene zidali zisadayambe kugwiritsidwa ntchito m'zaka zolembedwa pa timabukuto. Palinso achinyengo amene amalonjeza mwini buku ndalama zochuluka, bola ayambe watumiza za msonkho kapena za ulendo. Wogula weniweni sapempha ndalama kwa wogulitsa.

Mabuku ambiri amtengo amaonongedwa ndi eni ake amene amafuna kuwachitira zabwino. Selotepi imasiya banga lachikasu losachoka, guluu amaumitsa msana, ndipo chikuto chatsopano chimachotsa chimene wosonkhanitsa amafuna, ndicho buku monga lidatulukira. Buku lothyoka lisiyidwe chomwecho mpaka katswiri alione. Likhale m'bokosi loyera, pamalo pouma, kutali ndi dzuwa, ndiponso losagunda khoma kapena pansi. Kuno ku Malawi adani a pepala ndi odziwika: chiswe chimatha bokosi lonse m'masiku ochepa, mphemvu zimadya guluu wa kumsana, makoswe amamangira zisa, ndipo chinyontho cha m'dzinja chimabweretsa nkhungu. Buku lotsekeredwa m'pepala la pulasitiki limachita thukuta ndi kuola, choncho ndi bwino kulikulunga m'pepala loyera ndi kumaliona nthawi ndi nthawi.

Lamulo lakuti buku lokondedwa ndi ana limatha msanga likugwiranso ntchito pa mabuku a Chichewa. Timabuku toyamba tophunzirira kuwerenga timene tidasindikizidwa ku mamishoni monga ku Nkhoma, ku Blantyre ndi ku Likuni tidadutsa m'manja mwa ana ambirimbiri, kamodzi pa ana asanu kapena khumi, mpaka kutha. Mabuku onga Nthondo, la a Samuel Josia Nthara la 1933, adawerengedwa m'sukulu kwa zaka zambiri, ndipo la m'gulu loyamba silipezeka wamba. Msika wa ku London suwafuna mabuku amenewa monga umafunira Peter Rabbit, motero mwini wake asayembekezere mapaundi zikwizikwi. Komabe m'menemo ndimo muli kalembedwe ka makolo, mawu amene adasiyika, ndi nthano zimene agogo adaphunzira nazo kuwerenga. Amene wapeza buku lotere m'sutikesi ya malemu angachite bwino kulisunga, kapena kulionetsa ku National Archives ku Zomba, kumene kumasungidwa zosindikizidwa za dziko lino, asadaligwiritse ntchito yokulungira mtedza.

Mwa mabuku onse akale a ana amene ali m'nyumba za anthu, ochepa kwambiri ndiwo angayankhe bwino mafunso asanu aja. Mwini buku ayambe watsegula kuseri kwa tsamba la mutu, aone dzina la osindikiza, chaka ndi mzere wa manambala, awerenge masamba, kenaka afunse odziwa asadalandire ndalama ya munthu aliyense. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Likapezeka kuti ndi la m'gulu loyamba la buku lofunidwa, lisungidwe mosamala ndi kugulitsidwa poyera. Likapezeka kuti ndi la m'gulu la makumi awiri, monga zimakhalira kawirikawiri, mwini wake sadataye kanthu. Alipereke kwa mwana aliwerenge mpaka lithe, pakuti Mayi Potter adalimbana ndi osindikiza kuti kabuku kawo kakhale kakang'ono ndi kotsika mtengo pofuna kuti kafike m'manja mwa ana.